Ekizozi Yopha Udzudzu

Lolemba
Utsi uwu undiphera mwana. Ndalemba kuti mawa pasadzakhale wokana.
Bambo a Chifundo, amuna anga a kabaza, agula ekizozi yatsopano ku Golomoti, yakale achotsa. Koma kuwala kwake! Ndikudzionera nkhope, mpaka kachipsera ka pachibwano. Ikalira, nkhuku zonse pansi pa nkhokwe. Vuto lili pamene paipi yakumana ndi injini: utsi fu fu fu. Njinga yamotoyi imagona m'nyumba kuopa akuba, ndipo m'mawa amayamba ailiza momwemo kuti itenthe, Chifundo wa miyezi isanu ali pamphasa. Akuti pofika Lachitatu akhala atakonza okha.

Lachiwiri
Zomatira za lero:
sopo wochapira
mphira ya chubu
dothi la pachulu
Sopo wasungunuka. Mphira yayaka. Dothi lauma bwinobwino, kenako laphulika n'kukagenda chithunzi cha ukwati. Chifundo wayetsemula kanayi. Ndikuwerenga.

Lachitatu
Zodabwitsa! Posesa ndapeza udzudzu wakufa wodzaza chikhato. Kuno kufupi ndi mpunga wa ku Bwanje udzudzu sunagonjepo kwa munthu. Mphemvu ziwiri zili chagada. Bambo ake akuyendayenda manja kumbuyo: "Waona? Ndinagula ekizozi, mankhwala a udzudzu ndi banyira."
Ine maso pa timphuno ta mwana. Chogwetsa mphemvu chimusiya iyeyu?

Lachinayi
Lero akuti paipi yatsopano ikufuna mafuta ambiri, injini ichunidwe. Akupotokola kasikuluwu ka pa kabureta ndi mpeni wanga wosendera mbatata. Akapotokolera uku, njinga ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Akabwezera uko, phaa! Moto wabuluu kumbuyo, lilime lotalika ngati mkono. Chibadwire sindinaonepo moto wokongola chonchi. Ndaima kukamwa yasa mpaka kukumbuka kuti denga ndi laudzu.
Pobooka paja pali chibookere.

Lachisanu
Mbiri yafala. A Nabanda oyandikana nafe akupempha kuti njinga ikalireko kwawo pang'ono, nsikidzi zawatopetsa. Pambuyo pawo ena atatu, wina wa anankafumbwe m'chimanga. Okwera ndiye palibe. Mayi wina watsikira panjira, akuti bola dzuwa kusiyana ndi kufa makutu.
Anamwino opita kuntchito ku Mua aima pakhomo, asuzumira m'nyumba, sakuseka nawo. Akuti mu utsimo muli mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, mwana amangogona osadzukanso.

Loweruka
Ndaimbira achimwene anga a Layisoni, makaniko ku Mtakataka. Aseka mpaka foni kugwa. Akuti pakamwa pa paipi pamakhala kamphete, gasiketi, popanda iko mungamate mpaka imvi. Kochepa ngati chibangili cha khanda! Chitsulo chonse chija kugonjera kanthu kotero!
Akuti kayenera kuti kanakakamira mu ekizozi yakale, tikachotse ndi msomali.
Yakaleyo ndinaisinthanitsa Lachiwiri ndi ndowa kwa ogula zitsulo zakutha. Ndowa yabwino, yofiira. Bambo ake sakudziwa. Tsiku lonse akufunafuna kuseri kwa bafa, ine ndikuwathandiza.

Lamulungu
Ndawauza bambo ake: m'nyumba muno mugone njinga kapena mwana. Aganiza nthawi yaitali ndithu. Akuti akuba a kuno saba ana.
Basi. Ine ndi Chifundo tasamukira m'khitchini ya panja, neti tamangirira pa phaso. Udzudzu wonse wothawa m'nyumba tapezana nawo kuno. Njinga ili pabalaza yokha, yofunda chitenje changa, nsonga ya ekizozi ikuwalabe. Yokongola, sindikana.
Chifundo akupuma bwino, kachifuwa kakukwera n'kutsika. Koma mitambo yadera kuphiri ndipo khitchini ino imadontha paliponse. Ikagwa tibwerera m'nyumba, m'mawa ailizanso.
Mufoni mayunitsi atha. Tsamba lino ndiling'amba, ndipatsira kondakitala wa minibasi ya ku Mtakataka.
Achimwene, bwerani lero lomwe, kamphete katsopano kali m'thumba mwanu. Musadikire Lolemba. Za ndowa musatchule.