Ntchito ya M'pepala la Zitumbuwa

Mwambi uwu chiyambi chake chili motere, ndipo ine ndinalipo.

Pangodya ya pepalalo, pamene pamalembedwa tsiku, panali dontho lalikulu la mafuta. Ndinaliona, koma sindinalilabadire. Malume anga anali atagula zitumbuwa kumsika, zokulungidwa m'chidutswa cha nyuzipepala. Iwowa Chingerezi chawo chonse adachiphunzira pa mitu ya nkhani, ataima pambali pa wogulitsa nyuzi. Timalemba ting'onoting'ono ta pansi ankati n'ta anthu osowa chochita.

"Mphwanga, zako zayera!" anakuwa, chitumbuwa chili m'kamwa. "Apa akuti akulemba aphunzitsi Lachiwiri ku boma. Lachiwiri ndi mawa!"

Ine n'kuti nditakhala chaka chathunthu pakhomo chimalizireni koleji. Mawa lomwelo ahedi a sukulu ina ya pulaiveti kufupi ndi kwathu anali atandiitana kuti akandiyese.

"Nanga kwa ahedi kuja, amalume?" ndinafunsa chapansipansi.

"Iwe, ng'ombe yaima pakhomo, ukufuna kukakumba mbewa? Kasite diresi."

Tinalawirira, ine ndili pakaliyala wa njinga, satifiketi ili m'jumbo. Malume ankapalasa ngati akuthawa njuchi. Pachitunda tcheni chinaduka, tinayamba kukankha chothamanga. Mzere tikaupeza utafika pati? Akandiona fumbi lili mbuu m'miyendomu, akandilola kulowa?

Ku ofesi kunalibe mzere. Kunali mesenjala yekha akusesa pakhonde. Malume anamupatsa pepala lija monyadira. Iye analitembenuza, n'kulinunkhiza.

"Achikulire, zitumbuwa mwadya zabwino. Koma nkhaniyi ndi ya zaka zitatu zapitazo. Amene adalembedwa nthawi imeneyo ena adakwezedwa kale."

"Nanga alemberanji ngati n'zalero?" anafunsa malume.

"Mitu yonse amalemba choncho. Munthu umayamba waona tsiku."

Malume anayang'anitsitsa padontho paja nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati pafupi pali wokonza njinga.

Kutacha ndinapita kwa ahedi. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi mpando womwe, n'kundiuza kuti malowo apatsa mtsikana wina amene anabwera dzulo, wapansi, pa nthawi yake. Pobwerera ndinapeza malume ali pansi pa mtengo wa mango, akupukuta njinga imene inali yoyera kale. Sanadzutse mutu.

"Mphwanga," anatero, "kuthamanga si kufika."