Alamu Athu a pa Benchi

A Dixon Pellow sankadziwa kukhala pansi. Mukawapatsa mpando ankathokoza, n'kuyamba kuuzungulira. Kutchalitchi kwathu ku Lawrence, dera la mumzinda wa Indianapolis, abusa ali pakati pa ulaliki, iwo ali kumbuyo uko kukweza mawondo, kupotokola chiuno, kuthamanga pang'ono mpaka pakhomo n'kubwerera. Alendo ankayesa mzimu wawagwira. Ife tinkadziwa kuti akutenthetsa thupi.

Anali Mngelezi, mwamuna wa Mmalawi mnzathu, a Evelina anamwino, n'chifukwa chake tonse tinkawati alamu, ndipo Chichewa anachitola chonse, chokalipira chomwe. Kwawo anasewera mpira zaka khumi ndi zinayi m'matimu a m'munsi, kumene oonerera amachepa moti wina akatsokomola oyimbira amamva. Matimu asanu ndi anayi, chigoli chimodzi! Zaka zambirizo anazithera pa benchi, kumene anaphunzira kuti munthu azikhala wokonzeka poti kochi angacheuke nthawi iliyonse. Mpira anasiya, koma thupi linakana kumva.

Tsono kochi wa timu ya Amalawi a ku Indianapolis ndine. Chaka chilichonse pa 6 Julaye timakumana ndi anzathu a ku South Bend, ndipo alamu ankakwera galimoto atamanga kale nsapato za mpira, n'kumapondaponda ulendo wonse.

"Kochi, ndili ready."

"Pang'ono, alamu. Second half."

Ndinawanamiza choncho zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkaopa. Munthu wa imvi, mtima wong'ambidwapo kale kuchipatala, akagwere m'manja mwanga ine?

Chaka chatha a Evelina anandikokera pambali. "A Shadrick, adokotala akuti Julaye winayu mwina sadzamuona. Alowetseni."

Analowa kutatsala mphindi khumi, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi. Mpira unawapeza, ndipo apa m'pamene ulemu wathu unatilakwitsa. Otchinga kumbuyo a South Bend, anthu oleredwa bwino, anayamba kupatuka mmodzimmodzi, wina mpaka kuika manja kumbuyo. Goloboyi naye anasendera kumtengo.

"Dutsani, bambo, dutsani."

Alamu anauponda mpira pamzere wa golo penipeni, nkhope ili psuu.

"Mwandiyesa mlendo wolemekezeka? Zaka eyiti ndadikira mpira, osati ulemu!"

Anautembenuza, n'kubwerera nawo pakati pa bwalo. Ife pa benchi manja kumutu. Kenaka analoza Kenan, chimphona cha South Bend chimene kuntchito kwake chimanyamula odwala chokha popanda wothandiza.

"Iwe, bwera undilande!"

"Alamu, ndikuthyolanitu."

"Nanga unavalira chiyani yunifolomu?"

Kenan anayang'ana a Evelina. A Evelina anatseka maso, n'kugwedeza mutu kuvomera. Kenan anabwera ngati thirakitala yopanda mabuleki. Alamu anauluka, nsapato kumwamba, n'kugwa chagada. Ine ndinati basi ndapha munthu.

Kenaka tinamva chiseko kuchokera pansi pomwepo.

"Kochi, mwaona? Wanditchaya ngati player!"

Mpira womwewo a South Bend anakagoletsa. Tinaluza, koma alamu anaimba njira yonse yobwerera, akusisita chotupa cha pantchafu ngati mendulo. Lamulungu lotsatira anachionetsa kwa abusa, kwa amayi a kwaya, ngakhale kwa alendo amene sanafunse.

Anatisiya mu Febuluwale. Kutchalitchi tsopano kumbuyo kuli bata, ndipo bata limenelo silikoma. Zimandiwawa ndithu. Ndinkayesa ndikuwasamala, chonsecho ndinali kochi winanso wowaumitsa pa benchi.

Julaye wapitayu tinapitanso ku South Bend. Chigawo chachiwiri chitayamba ndinacheuka mwachizolowezi, mawu ali kale pakamwa: "Pang'ono, alamu." M'mbali mwa bwalo munalibe wopondaponda. Onse anali atakhala bwinobwino, miyendo atapinda. Sindinapirire. Ndinadzuka ine ndi mimba yangayi, n'kuyamba kukweza mawondo.