Agogo Anga, Msilikali wa Pamadzi wa ku Guruve

Sekani ndithu anzanga, inenso ndikuseka, nanga ndichitenso chiyani?

Agogo anga atamwalira ku pulazi ya fodya ku Guruve, ndinatsala ndekha ndi sutikesi yawo yachitsulo. Mayi anatisiya kale, achibale ena akuti ali ku Malawi, dziko limene sindinapondemo. Ndikutsegula sutikesi ija m'kachipinda kanga ku Chinhoyi, eee, yunifomu yoyera mbee, chipewa, mamendulo pachifuwa! Ndinajambula n'kufunsa foni. Foni ikuti zikufanana ndi za asilikali a pamadzi, aja ankabwera pa sitima za atsamunda n'kutsikira kumtunda kukamenya nkhondo. Ndinawerenga mpaka data kutha, woyendetsa sitima ndi wina, wotsika ndi mfuti ndi wina, maudindo awo onse ndinaloweza.

Pa renki pomwe ndimaitanira makombi, maminibasi a kuno, tsiku silipita osandifunsa kuti, "Iwe muBhurandaya, kumusha kwako n'kuti?" MuBhurandaya ndi mmene amatitchulira kuno ife a makolo ochokera ku Malawi, kumusha ndiye kumudzi. Khirisimasi ikafika onse amapita kumidzi kwawo, ine ndimatsala ndi agalu a pa renki. Ndiye Tinashe, kondakitala wina wapakamwa, atangoyamba zake, ndinamuphulikira.

"Agogo ako ankaweta mbuzi, anga ankatsika m'sitima ndi mfuti nthawi ya Chitaganya!"

"Sitima? Ku Guruve? Shamwari, inkayenda m'munda wa fodya?"

Ndinamugwira kolala, anthu n'kutileretsa. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo, si choncho? Ine ayi. Ndinalumbira kuti Lamlungu ndimutengera kwa Che Saidi, mnzawo wa agogo yekhayo amene watsala mu komboni ya pa pulazi ija, akadzimvere yekha. Ndipo ndinavala yunifomu ija, buluku lolekeza m'katumba, m'kombi anthu akundiyang'ana ngati wophika wa ku hotela wathawa ntchito.

Che Saidi tinawapeza pakhonde. Atandiona anaimirira movutika, misozi mbwe. Ndinamugunda Tinashe ndi chigongono: jambula, waona?

"Agogo, muuzeni uyu. Agogo anga anali msilikali wa pamadzi, eti?"

"Wamkulu weniweni! Sitima yonse inali m'manja mwake."

"Wamva? Sitimayo inali yaikulu bwanji?"

"Tinkainyamula anthu anayi."

"Anayi?"

"Ya nsungwi, mdzukulu wanga, yokutira ndi masaka a fodya opaka laimu. Beni! Gule wathu wa mu komboni. Loweruka tikaweruka kwa mzungu, tinkavala ngati asilikali ake, mfuti za matabwa, kukapikisana ndi a pulazi ya kutsidya. Mamendulowo ndinasula ndine, ndi zitini za jamu."

Tinashe anagwa pansi ndi kuseka. Ine ndikuyesabe kudzipulumutsa, "Komabe panyanja anakwerapo, si choncho?"

"Ndani, iyeyo? Tikuwoloka Zambezi pobwera kuno anagona chafufumimba m'bwato, mutu mu bulangete, akuitana amake. Ngakhale ku damu la mzungu sankasambako."

Ndinkafuna ndivule pomwepo ndithawire m'fodya. Koma mkulu uja anandigwira dzanja, akuti anzake onse a m'sitima anagona kumanda a pa pulazi, palibenso wovina naye. Anatenga chigubu, anayamba kuchimenya ndi ndodo yake, "Ima mowongoka! Kumanzere! Ayi, kumanzere kwinako, mwana iwe!" Mukanakana inuyo? Ndinaguba, anzanga. Gulu lonse lankhondo anthu awiri, wina mano alibe, wina buluku lang'ambika kumbuyo pa sitepe yoyamba, nkhuku zikuthawa, ndipo chitsiru chija chikujambulabe poti ndinachiuza ndekha kuti chijambule.

Lolemba ndikufika pa renki, vidiyo ili m'foni ya aliyense. Mvula itangogwa pang'ono, madalaivala akuimitsa makombi pa chithaphwi n'kumakuwa, "Kaputeni, tiwolotseni!" Palibe amene ndamumenya, ndilibe mphamvu.

Ndalumbira, nkhani za akufa sindidzafunsanso foni amoyo alipo. Ndipo Lamlungu likubwerali musandifune, Che Saidi akuti phazi langa lamanzere likuchititsa manyazi sitima yonse.