Mmene Munda wa Adada Unandipulumukira

Inu, tamverani mmene munda wa mpunga unandipulumukira m'manja, ine Lyson, mwana woyamba kubadwa.

Munali mu 1976, ndili kalaliki ku Zomba. Kalata inafika yoti adada, a Manase, akufuna kusankha wolowa munda wathu wa kumudzi kumpoto, kufupi ndi Hara, iwo adakali moyo. Ndinakwera basi nditavala suti, poti mwinimunda asamaoneke ngati waganyu.

Ndinawapeza pakhonde ndi mng'ono wanga Yotamu, amene sanachokepo pamudzi.

"Adada, mwambo umati wolowa ndi woyamba kubadwa," ndinatero.

"Mwambo sulima," anayankha. "Ng'ombe ndi izo, pulawo ndi iyo. Mawa undionetse."

Yotamu anafuna kundiperekeza, ine ndinakana. Munthu wolemba makalata a boma angaphunzitsidwe kutsata mchira wa ng'ombe?

M'mawa ndinalowa m'matope nditapinda buluku. Ndinati, "Tiyeni!" Ng'ombe zinangondiyang'ana. Ndinayesa Chingerezi, zinayamba kudya udzu. Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anati, "Bwana, izo zimamva Chitumbuka chokha. Kusukulu sizinapiteko."

Ndinafukula Chitumbuka changa chomwe chinachita dzimbiri ku Zomba, n'kukuwa liwu limodzi. Kaya ndinazitukwana, kaya ndinatchula mkango, mpaka lero sindidziwa. Zinaliyatsa liwiro, ine pambuyo ngati chiguduli, nsapato imodzi kutsala m'thope, ngalande kuidumpha, minda itatu kuidutsa, kenako zinaima zokha. Pamenepo zinayamba kukoka pulawo mwaulemu, ndipo ndinalima mpaka dzuwa kupendeka, mizere yowongoka ngati ya m'kaundula. Paja akuluakulu anati kugwa m'thope n'kudziwana ndi nthaka. Ngati sanatero, anayenera kutero.

Adada anafika ndi ndodo yawo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Walima bwino, mwana wanga."

Ndinatukula chifuwa.

"Koma munda uno ndi wa a Stephano, amene tinawagula ng'ombezi. Zangobwerera kwawo."

Munda wathu unapita kwa Yotamu tsiku lomwelo.

"Nanga ine, adada?"

"Usadandaule. A Stephano ali ndi mwana mmodzi yekha, Dora, ndipo akuti munthu wolima osapemphedwa sanamuonepo."

Dorayo ndiye mayi akunyumba kwanga. Ukalaliki ndinausiya, munda wa apongozi ndaulima zaka khumi ndi zisanu tsopano. A Stephano, mano onse alimo m'kamwa, akuti za wolowa munda akuganizabe.