Akufa Amene Ankagona kwa a Jasten

Ku Chipoka aliyense akudziwa kuti malemu a Jasten sankaopa ng'ona, mwera ngakhale abusa. Chimene ankaopa ndi tsamba lachiwiri la Google. Munthu akalemba pa foni kuti akufuna malo ogona ku Salima, resitihausi yawo inkayenera kutuluka pamwamba penipeni. Ikapanda kutero, tsiku limenelo akazi awo, a Fanny, ankadya okha.

Matendawa anayamba pa 14 Malichi 2019, tsiku limene anatsegula webusayiti ya zipinda zawo zisanu. A Fanny, amene anagulitsa usipa zaka zambiri kuti zipindazo zimangidwe, anali ndi nzeru zawo: ajambule zipinda mmene zilili, aikepo chambo chimene iwo ankawotcha, ndipo mlendo akamachoka azimupempha kuti alembe ndemanga.

"Mayi, mukufuna titchuke titakalamba?" anatero a Jasten.

M'malo mwake anadzaza tsambalo ndi mawu oti "malo abwino ku Salima" kambirimbiri, m'zilembo zoyera pamalo oyera, kuti munthu asaone koma makina awerenge. Pooneka analembapo dziwe losambiramo ndi njovu. Banja lina la ku Lilongwe linafika ana atavaliratu zosambira.

"Bambo, dziwe lija lili kuti?"

A Jasten analoza nyanja. "Likukucheperani?"

"Nanga njovu?"

"Mwachedwa kudzuka. Zapita kokadya."

Wopepesa anali a Fanny, ndi chambo chaulere. Alendo ankadya, n'kunyambita zala, n'kukalemba kuti chakudya n'chokoma koma mwini malo ndi wabodza. Nyenyezi ziwiri.

A Jasten ankafuna zisanu. Anapempha asodzi kuti awalembere zabwino, koma wina anafuna mowa, wina analemba za nsikidzi. Apa m'pamene anaganiza zolemba okha, m'mayina a anthu a m'mudzi momwemo amene anamwalira. Ankatsegula maimelo atsopano, zithunzi n'kutenga pa Facebook ya abale awo.

"Wakufa sapempha ya sopo, mayi. Sasinthanso maganizo."

"Bambo, asiyeni anthu agone," anatero a Fanny.

"Akugona kale. Ine ndikungonena kumene akugona."

Ndipo anakweradi. Kwa zaka ziwiri resitihausi inali pamwamba, a Jasten akuyenda pamsika foni m'mwamba ngati chikho cha mpira, kuonetsa ngakhale agogo osaona bwino. A Fanny ankangoyang'ana mayinawo mwamantha, chifukwa ambiri mwa anthuwo anawaphikira pamaliro awo.

Pa 2 Okotobala 2022 panafika Jamila, namwino wogwira ntchito ku Lilongwe, mwana wa malemu Che Omari, msodzi wodziwika. Sanakhale pansi ngakhale anapatsidwa mpando.

"A Jasten, bambo anga anamira ku Mbenji mu 2017. Tinawaika ife. Apa pa intaneti akuti mwezi wathawu anagona m'chipinda chachitatu, ndipo madzi anali ofunda bwino."

"Mwina ndi Omari wina, mwanawe. A Omari ndi ambiri."

"Atavala chipewa chimene ndinawagulira ine? Astaghfirullah!"

Pofika Lachisanu nkhani inali itafika mpaka ku Chitala. Anthu anatsegula mafoni awo, aliyense n'kupeza wake. Uyu azakhali ake akuyamikira matilesi, uyo mlamu wake akulonjeza kuti adzabweranso. A Jasten ankayembekezera kutchedwa abodza, dzina limene analizolowera. Koma anthu sananene za bodza. Anati munthuyu ndi wokhwima, anthu akufawo akuwasunga m'zipindamo ngati ndondocha kuti azimukokera chuma, ndipo tsopano ayamba kulankhula okha.

Amayi ogula nsomba amene ankagonapo anasiya. Madalaivala a malole anasiya. Chambo cha a Fanny chinkauma pa waya, anthu akufunsana kuti amapala mamba ndani.

A Fanny anagwada, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire. "Bambo, kaimirireni kutchalitchi Lamulungu. Kanene kuti munalemba ndinu, kenako mufufute."

"Ndikafufuta nditsika."

"Anthu akuti ndinu mfiti!"

"Mfiti ya nambala wani, mayi. Amene akunenawo ali pa tsamba liti?"

Sanaimirire, sanafufute. Abale a malemuwo anadandaula pa intaneti pomwepo, ndipo mu Febuluwale 2023 ndemanga zonse zinachotsedwa, webusayiti n'kumira nazo. A Jasten ankakhala pakhonde akupalasa foni ndi chala, tsamba ndi tsamba, kufunafuna dzina lawo ngati munthu wofuna mbuzi yosochera. Anasiya nthabwala, kenako anasiya kudya. Anamwalira pa 9 Juni 2023. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi.

Pamaliro panadzaza, koma chakudya chinabwerera kukhitchini osakhudzidwa. Titachoka kumanda, mayi wina wachikulire anagwira a Fanny dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Anzanga, poti eni ake apita, timasulireni mchemwali wathu."

A Fanny anatenga makiyi, n'kutsegula zipinda zonse zisanu, khamu likusuzumira pamapewa pawo. Munali mabedi, maneti ndi fungo la sopo. Wina kumbuyo ananong'ona kuti ndiye kuti wapita nawo.

Lero webusayitiyo ili ndi zithunzi zenizeni zimene a Fanny anaikapo, ndi ndemanga zochepa za alendo akutali, amoyo, amene amayamikira chambo. Ikukwera pang'onopang'ono, monga a Fanny ananenera poyamba paja, koma alendo akutali amabwera pa Khirisimasi basi. A kuno amadutsa tsidya lina la msewu. Pamsika palibenso wotigwira malaya kuti tione dzina lake pa foni, ndipo ena amavomereza motsitsa mawu kuti kwazizira. A Fanny sanena zowasowa amuna awo kapena zowakhululukira. M'mawa uliwonse amasesa zipinda zija, n'kusiya zitseko zili pululu, kuti aliyense wodutsa aone ndi maso ake kuti mulibe munthu.