Kachilombo Kopanda Akuchimuna

Usiku wathawu Enelesi Chapotera analota ali kuntchito kwake, mu labotale ya chipatala momwe amayeza makhololo. Anali atagona ndi mkwiyo. Mwana wake Sungeni anabereka mwezi watha, koma khandalo linali lisanatchedwe dzina. Kwawoko mwana woyamba amatcha ndi akuchimuna, koma mnyamata womupatsa mimbayo anaikana, abale ake osaponda n'komwe pakhomo. M'nyumba ankangoti kamwanako.

Ndiye m'malotomo maikulosikopu yake yoonera tizilombo inatsokomola n'kunena kuti, "Mayi Chapotera, valani juzi, tafika kumapeto kwa dziko." Atayang'ana pansi anapeza waima pa nyanja youma gwaa ndi ayezi, pakati pake pali mjigo. Ndiye anapopa mjigowo, ndipo m'chidebe munagwa kachilombo kamodzi ka bakiteriya, kakakulu ngati kanjere ka mpunga.

"Mwaswera bwanji, amayi?" kanatero.

"Ndaswera bwino, kaya iwe?"

"Ine ndakhala pansipa chiyambire dziko. Kuzizira ndiye moyo wanga. Chonde musandifunditse."

Mwadzidzidzi panali tebulo, pakhala akuluakulu atatu a masuti, komiti yoika tizilombo tatsopano m'mitundu yake. Wapampando anavula magalasi n'kusanduka tsekwe. Mlembi anasanduka nkhanga. Wachitatu anasanduka mbuzi, koma palibe amene anaona kusiyana.

"Kameneka n'ka banja liti?" anafunsa tsekwe.

Ndiye anaitanitsa tizilombo tonse ta m'nyanja zozizira, tinafola ngati azimayi kusikelo, n'kuyamba kufananiza mphuno ndi makutu, ngakhale panalibe kokhala ndi mphuno. Kalikonse kamayang'ana n'kuti, "Si wathu." Kena konenepa, kofanana nako ndithu, kanayang'ana kumbali n'kuti, "Ine nthawi imeneyo ndinali ku Joni."

"Chopanda dzina sitichiwerenga," anatero tsekwe. "Chikafa ndiye kuti sichinakhaleko. Mutani, mayi?"

"Tidikire akuchimuna," anayankha Enelesi.

Ndiye anadikira. Kumeneko dzuwa limatha miyezi lisanalowe, choncho kudikira kwake kunalibe poti mawa. Maikulosikopu inapempha kukataya madzi, inapita, inabwerako, akuchimuna osaoneka.

Enelesi anayang'ana kachilomboko kali mbulanda pa ayezi, ndipo chisoni chinamugwira. Munthu wobereka sangaonerere zotere. Anaiwala zomwe kanamuuza zija, anakaveka chipewa chaubweya, masokosi, shawelo iwiri, n'kukabereka kumbuyo ndi chitenje, monga achitira aliyense wa nzeru zake mu Okutobala.

Mwadzidzidzi kumbuyo kunayamba kupepuka.

"Amayi, ndikutha," kanatero, mwaulemu.

Nkhanga ija inasiya kulemba n'kuyamba kupalasa kadzenje kosaya, mwakachetechete, momwe amaikira khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta, azimayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda wolira. Apa Enelesi anachita mantha enieni. Anayesa kumasula chitenje koma mfundo inali itauma.

"Akuchimuna achedwa," anadandaula. "Tumizani munthu."

Mbuzi, yomwe nthawi yonseyi imadya nsalu ya patebulo, inameza kaye. "Mayi, kuno lamulo n'losavuta. Chikakanidwa ndi onse ndiye kuti n'chatsopano. Ndipo chatsopano amatcha ndi amene wachitola."

"Ngakhale ndili wakuchikazi?"

"Mjigo anapopa ndani?"

Ndiye Enelesi anatsegula pakamwa, koma dzinalo linauma pa lilime, kadzenje nako kakukula, tsekwe akumenya patebulo, go, go, go.

Anadzidzimuka kutacha. Kunja chidebe chimagunda pampopi, Sungeni akutunga madzi ochapira matewera. Enelesi anakhudza kumbuyo kwake, kunalibe kanthu. Anadzuka osavala n'silipasi zomwe, n'kukaima pakhomo.

"Sungeni, bwera naye kuno."

"Kamwanako kagona, amama."

"Si kamwanako. Ndi Wathu. Ndamutcha ine."

Sungeni anatseka mpopi, manja ali dontho dontho. "Nanga akuchimuna?"

"Akadzabwera adzamupeza akuvomera."