Mayi Chisonikwanu Ankathamangitsa Makasitomala

Adzukulu anga, ndine amene ndinaphunzitsa Mayi Chisonikwanu kusoka nsapato. Chabwino, ndanama. Ine ngakhale batani la malaya amandisokera ndi azakhali anu. Koma zoti malemuwa ankathamangitsa makasitomala, funsani aliyense mumsewu wathu.

Shedi yawo inali kuseri kwa galaja. Ankatola matayala akutha n'kumasoka nsapato, ndipo antchito awo onse asanu anali otuluka kundende, anthu amene kwina konse ankamanidwa ngakhale ganyu yosesa. "Munthu wamaliza chilango chake, inu mukufuna mum'patse china?" ankatero mayiwo.

Tsoka linali kulowa m'shedimo ndi nkhope yakumaliro n'kunena kuti, "Ndigule, ndithandizeko anthuwa." Nsapatoyo ankakulanda m'manja. "Chisoni kwanu! Muno timagulitsa nsapato, osati misozi." Dzina lija linachokera pamenepo.

Anali ndi lamulo. Wogula aliyense avale nsapato, azungulire bwalo katatu, kenako anene pamene ikuwawa kuti amene anaisoka akonze. Ukati ili bwino koma ukutsimphina, ndiye kuti wanyoza mmisiri, wamuyesa wopemphetsa.

Tsiku lina abusa anabwera n'kuloza mapeyala khumi osayesa n'komwe.

"Mapazi muli nawo angati, abusa?"

"Mayi, n'kungofuna kulimbikitsa ntchito yabwinoyi."

"Kaitaneni eni mapaziwo adzazungulire."

Lamulungu lotsatira kwaya yonse inazungulira bwalo lija katatu, ikuimba. Ena amati fumbi lake linakagwa patatha sabata.

Koma nkhondo yeniyeni inali ya alendo a bungwe lina. Anabwera pagalimoto yoyera, ndi kamera komanso lonjezo la makina osokera atsopano. Anasankha kujambula mmodzi wa antchito aja, Zalazitali, amene kale ankapisa m'matumba mwa anthu pamalo okwerera basi, koma tsopano msoko wake unali wowongoka ngati wauyeza ndi rula.

"Bambo, vulani epuloniyo, mukhale pansi apa. Muweramitse mutu pang'ono, mugwire chikwangwani ichi."

Pachikwangwanipo panalembedwa kuti MKAIDI WAKALE. Zalazitali, pokumbukira makina aja, anayamba kumasula epuloni.

"Iwe, dzutsa mutuwo!" anakuwa mayiwo. "Inu mukufuna chithunzi? Jambulani msoko uwu. Munthuyu ndi mmisiri. Ukaidi anausiya pachipata cha ndende, kautengeni komweko."

"Koma mayi, otithandiza amafuna kuona..."

Sanamalize. Mayi anagubuduza tayala la thirakitala molunjika kwa iwo. Wakamera anadumpha mpanda osaukhudza, ndipo tayalalo, ndikulumbira, likugubuduzikabe mpaka lero. Makina sanabwere. Anapitiriza kusoka ndi manja, ndipo kuyambira tsikulo Zalazitali sanayang'anenso pansi polankhula ndi munthu.

Mayi anatisiya chaka chatha. Pamaliro pawo theka la anthu linavala matayala kumapazi. Msewu wathu tsopano uli zii. Palibenso amene amathamangitsidwa, ndipo agalu a kugalaja anenepa chifukwa chosowa chowadzidzimutsa. Mpando wawo ukadali pakhomo, wina aliyense amaulambalala.

Anthu anayamba kunong'ona kuti popanda mayi shedi ija itsekedwa. Mtima unandiwawa, ndiye dzana ndinapitako. Ndinatola peyala yoyamba imene ndinaona, ndinaivala, ndinazungulira katatu. Chala chachikulu chinkalira ngati chapanidwa ndi chitseko.

"Ikuwawa pati, malume?" anafunsa Zalazitali, amene tsopano ndiye amayang'anira ntchito.

"Paliponse ayi! Ngati ndaponda pa thonje. Ndipatseni mapeyala awiri."

Anayang'ana phazi langa, kenako mpando uja, kenako ine.

"Malume, mwazungulira bwalo lonse ngati bakha wolasidwa. Vulani nsapato yangayo ndiikonze. Chisoni kwanu!"